Ena Akulitama, Ena Akulinyoza: Mlandu wa Buku la Tomi Adeyemi

Mu Marichi 2018 ku America kunatuluka buku la achinyamata lotchedwa Children of Blood and Bone, ndipo litangofika pamsika linakhala pamwamba pa mndandanda wa mabuku oyenda malonda wa nyuzipepala ya New York Times. Mlembi wake, Tomi Adeyemi, anali ndi zaka 24 zokha, mwana wobadwira ku America kwa makolo ochokera ku Nigeria. Bukuli linalandira mphoto ya Andre Norton ndi ya Lodestar, ndipo mu 2020 magazini ya Time inaika mlembiyu m'gulu la anthu 100 odziwika kwambiri a chaka chimenecho. Komabe mpaka lero owerenga sakumvana. Alipo amene amati bukuli linawapatsa chinthu chomwe anachisowa ubwana wawo wonse. Aliponso, makamaka pakati pa Ayoruba a ku Nigeria, amene amati ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkanganowu ndi wofunika kuumvetsa, chifukwa pansi pake pagona funso lolemera: kodi mwana wobadwira kunja ali ndi ufulu wotani pa chilankhulo, nthano ndi milungu ya kwawo kwa makolo ake?

Nkhaniyo imachitikira m'dziko lopeka la Orïsha. Zaka 11 isanayambe, Mfumu Saran inapha anthu onse okhala ndi mphamvu zamatsenga, otchedwa maji, ndipo matsengawo anazilala. Ana awo, omwe amadziwika ndi tsitsi loyera, anasiyidwa amoyo koma akukhala ngati akapolo m'dziko lawo lomwe. Mtsikana Zélie Adebola anaona ndi maso ake amayi ake atapachikidwa pamtengo usiku wa chipolowecho. Tsiku lina akumana ndi Amari, mwana wamkazi wa mfumu, amene wathawa kunyumba yachifumu ataba mpukutu wotha kudzutsa matsenga. Awiriwa, pamodzi ndi Tzain, mlongo wake wa Zélie, ayenera kupeza mwala wa dzuwa ndi mpeni wa fupa n'kukafika pachilumba chopatulika tsiku loikika lisanadutse. Amene akuwasaka ndi Inan, mwana wamwamuna wa mfumu, yemwe ali m'njira azindikira kuti nayenso ali ndi mphamvu zomwe bambo ake amaphera anthu.

Kuti timvetse chimwemwe cha okonda bukuli, tiyenera kukumbukira mmene mashelefu a mabuku a achinyamata ankaonekera ku America ndi ku Britain. Mwana wachikuda wokonda nthano za matsenga ankawerenga Harry Potter, Percy Jackson ndi Twilight, ndipo m'mabuku onsewa ngwazi zake zinali azungu. Anthu akuda akapezekamo, ankakhala a m'mphepete. Adeyemi mwiniwake wanenapo kuti chimodzi mwa zomwe zinamukankha kulemba ndi zimene zinachitika mu 2012 filimu ya The Hunger Games itatuluka, pomwe oonera ena anadandaula poyera kuti kamtsikana kotchedwa Rue kanali kakuda. Choncho pamene achinyamata anagwira buku la masamba opitirira 500, pachikuto pali nkhope ya mtsikana wakuda bii, m'kati mwake mfumu, asilikali, ansembe ndi milungu onse akuda, chinali chinthu chachikulu. Filimu ya Black Panther inali itangotuluka mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, ndipo ludzu limene inaonetsa ndi lomwelo limene bukuli linathetsa. Munthu amene anakulira pakati pa anthu ofanana naye akhoza kuchiona chochepa, koma kwa mwana amene anali yekha wakuda m'kalasi si nkhani yamasewera.

Chachiwiri chimene owerengawa amatama ndi mmene bukuli limaonetsera nkhanza za boma pafupi penipeni. M'mutu woyambirira, atsikana akuphunzira mobisa kumenyana ndi ndodo kwa Mama Agba. Atamva kuti asilikali akubwera, abisa ndodozo n'kukhala ngati akusoka zovala. Asilikaliwo akufuna msonkho wa ana a tsitsi loyera, msonkho womwe wangokwezedwa kumene. Zélie alephera kusunga pakamwa, ndipo msilikali amugwetsa pansi akumutcha mphutsi. Aliyense m'chipindamo akudziwa kuti mtsikanayo atha kumugonjetsa msilikaliyo, koma akudziwanso kuti akangoyerekeza, onse atha. Wolephera kulipira msonkho amatengedwa kukagwira ntchito yakalavulagaga yomwe ngongole yake siitha. Kumapeto kwa bukuli mlembi akunena mosabisa kuti ankalemba akuona pa nkhani anthu akuda akuphedwa ndi apolisi ku America, ndipo akutchula ana monga Tamir Rice, Jordan Edwards ndi Aiyana Stanley-Jones. Owerenga ambiri achikuda a kumeneko anawazindikira mantha a Zélie nthawi yomweyo, chifukwa ndi mantha omwe makolo awo amawachenjeza nawo akamatuluka pakhomo.

Odandaula nawo ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zolemera mofanana. Gulu loyamba limadandaula za luso la kalembedwe. Amati ulendo wosaka zinthu zitatu nthawi isanathe ndi njira yakalekale yomwe mabuku ambiri adutsamo. Amati Inan akufanana kwambiri ndi Zuko wa m'katuni ya Avatar: The Last Airbender, imene mlembi amavomereza kuti inamulimbikitsa. Koposa zonse, amakwiya ndi chikondi cha Zélie ndi Inan: mnyamata amene asilikali ake atentha mudzi wa Zélie, patangopita masiku ochepa wasanduka wokondedwa wake. Apa odandaulawa akunena zoona, chikondicho chathamangitsidwa. Koma pa kusinthasintha kwa Inan, komwe ambiri amadana nako, ine ndikuona mphamvu ya bukuli. Mnyamata woleredwa kudana ndi chimene iye ali sasintha tsiku limodzi. Lero aona choonadi, mawa mawu a bambo ake amukokanso. Mlembi sanamupeputsire njira, ndipo anachita bwino.

Gulu lachiwiri limadandaula za mapu. Adeyemi anatenga mayina a mizinda yeniyeni ya ku Nigeria, monga Lagos, Ibadan, Sokoto, Zaria, Gombe ndi Ilorin, n'kuwamwaza m'dziko lake lopeka. Ilorin weniweni ndi likulu la chigawo cha Kwara, kumtunda, pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Lagos. M'bukuli ndi mudzi wa asodzi woyandama panyanja yamchere. Zili ngati wina alembe kuti Dedza ndi gombe la asodzi a usipa: mlendo angowerenga n'kupitirira, koma mwini dera aima kaye. Ena amatchulanso zilombo zokwerapo zokhala ngati mikango ya nyanga, ndi kambuku wa kumalo a chisanu yemwe ndi chizindikiro cha banja lachifumu, n'kufunsa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi kumadzulo kwa Africa. Dandaulo ili ndi lomveka, koma ndi lopepuka. Orïsha si Nigeria, ndipo nthano ili ndi ufulu woumba dziko lake. Cholakwa chinali kubwereka mayina a malo omwe anthu akukhalamo lero, pomwe kupeka mayina atsopano kukanachotsa chisokonezo chonse.

Dandaulo lachitatu ndilo lalikulu, ndipo limakhudza chilankhulo ndi chipembedzo. Mawu odzutsira matsenga m'bukuli analembedwa m'Chiyoruba. Owerenga olankhula Chiyoruba akhala akunena kuti ziganizo zina sizimveka ngati zotuluka m'kamwa mwa mwini chilankhulo, komanso kuti timizere tosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu sitinaikidwe bwino paliponse. M'Chiyoruba timizereti si tokongoletsera: chilankhulochi chili ndi makwerero atatu a mawu, ndipo kusintha limodzi kumasintha tanthauzo. Kwa wowerenga wa ku New York, mawuwo ndi okoma kuwaona basi. Kwa wa ku Ibadan, ndi chilankhulo cha amayi ake chikugwiritsidwa ntchito ngati chovala.

Nawonso milungu yotchulidwa m'bukuli, monga Oya, Sango ndi Yemoja, si ya chipembedzo chakufa. Anthu akuipembedza lero. Chaka chilichonse mu Ogasiti khamu la anthu limasonkhana ku nkhalango yopatulika ya Osun ku Osogbo, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko mu 2005. Ku Brazil chipembedzochi chikupitirira m'dzina la Candomblé, ndipo n'kumeneko, mu mzinda wa Salvador, komwe Adeyemi atamaliza maphunziro ake ku Harvard anaona zithunzi za milunguyi n'kuyamba kuganiza za bukuli. M'nthano yake, mulungu aliyense wapatsidwa fuko lake ndi mphamvu yake imodzi: uyu wa moto, uyu wa madzi, uyu wa mizimu ya akufa. Dongosolo lotere limathandiza wowerenga wachinyamata kutsatira nkhani, koma limachepetsa chikhulupiriro chakuya kukhala mndandanda wa zida zomenyera nkhondo. Rick Riordan, mlembi wa Percy Jackson, anachita zofananazo ndi milungu ya Agiriki, koma kusiyana kulipo: nthano za Agiriki zili m'mabuku osawerengeka ndiponso m'masukulu, pomwe kwa achinyamata ambiri padziko, buku ili ndilo khomo lawo loyamba, mwinanso lomaliza, lodziwira za chipembedzo cha Ayoruba.

Akuluakulu amati m'nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Vuto ndi lakuti Adeyemi si mlendo kwenikweni m'nyumbamo. Ndi mwana wa pakhomo pomwepo amene anakulira kutali. Kumuuza kuti asakhudze za makolo ake chifukwa sanakulire ku Nigeria n'kumulanda kawiri: ku America amamuona ngati wakudza, kwawonso amutsekere chitseko. Ana obadwira kunja ali ndi gawo lawo pa chuma cha makolo, ndipo kusaka kwawo mizu ndi nkhani yeniyeni yoyenera kulembedwa. Koma ufulu umenewo umabwera ndi udindo wofunsa amene anatsala pakhomo. Udindowu sugwera mlembi yekha. Kampani yosindikiza ya Henry Holt, yomwe ndi nthambi ya Macmillan, inali ndi ndalama zokwanira kulilengeza bukuli padziko lonse. Buku lotere linayenera kufika kwa Myoruba lopanda chomukhumudwitsa pa chilankhulo chake.

Mkangano wamtunduwu si wachilendo ku Nigeria. Mu 1952 buku la Amos Tutuola, The Palm-Wine Drinkard, litasindikizidwa ku London, azungu analitama kwambiri, kuphatikizapo mlakatuli Dylan Thomas. Ophunzira ambiri a ku Nigeria anachita nalo manyazi chifukwa cha Chingerezi chake chosatsata malamulo a kusukulu, ndipo ena ankati wangotola nthano zomwe D. O. Fagunwa anali atazilemba kale bwino m'Chiyoruba kuyambira mu 1938. Lero Tutuola ali ndi malo ake m'mbiri ya zolembalemba za mu Africa. Izi sizikutanthauza kuti odandaula a nthawi ino adzapezeka olakwa. Zikungoonetsa kuti buku la nthano za Ayoruba likatamandidwa kunja, eni ake amafunsa kuti alendowo akutama chiyani kwenikweni, ndipo ali ndi chifukwa chofunsira.

Filimu ya bukuli yadzutsanso phokoso lina. Kampani ya Paramount inapatsa Gina Prince-Bythewood udindo woitsogolera, ndipo Thuso Mbedu wa ku South Africa anasankhidwa kukhala Zélie. Koma pamene kunalengezedwa kuti Amandla Stenberg ndiye Amari, okonda bukuli ambiri anadandaula kuti khungu lake ndi loyererapo, chonsecho m'bukuli Amari amanyozedwa kunyumba yachifumu chifukwa chodera kuposa anzake apamwamba. Stenberg ndi yemwe uja anali Rue mu 2012. Amene ananenedwa kuti wada kwambiri ali mwana, tsopano akunenedwa kuti sanade mokwanira. Izi zikusonyeza katundu amene bukuli lasenzetsedwa: aliyense akufuna kudzionamo ndendende, pomwe buku limodzi silingathe kutero.

Ndiye wolondola ndani? Ine ndikuona kuti mbali ziwirizi zikuwerenga mabuku awiri osiyana, chifukwa cha mmene bukuli linagulitsidwira. Linalengezedwa ngati nthano ya kumadzulo kwa Africa, koma mtima wake ndi wa ku America. Zowawa zake ndi za mwana wakuda woopa wapolisi, wonyozedwa chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake. Tikaliyeza pa muyeso umenewo, lachita ntchito yaikulu ndipo misozi ya olikonda ndi yoona. Tikaliyeza ngati chithunzi cha moyo ndi chikhulupiriro cha Ayoruba, likuperewera, ndipo amene akunena zimenezi si ansanje, akuteteza chinthu chomwe amachidziwa bwino kuposa mlembi.

Kholo kapena mphunzitsi woganiza zopatsa mwana bukuli adziwe kuti muli nkhanza zoonekeratu, kuphatikizapo pomwe Zélie akuzunzidwa m'ndende n'kulembedwa ndi mpeni pamsana, choncho ndi loyenera achinyamata okulirapo. Akaliwerenga, asalekere pomwepo. Pali Akata Witch la Nnedi Okorafor la mu 2011, lomwe nkhani yake imachitikira ku Nigeria weniweni, ndi buku la Fagunwa limene Wole Soyinka analimasulira m'Chingerezi mu 1968 pansi pa mutu wakuti Forest of a Thousand Daemons. Adeyemi anamaliza nkhani yake ndi mabuku ena awiri, mu 2019 ndi mu 2024, ndipo anaonetsa makampani akuluakulu kuti nthano za anthu akuda zimagulidwa. Chotsala n'chakuti makampaniwo apereke mwayi ndi ndalama zofananazo kwa alembi okhala ku Ibadan, ku Osogbo ndi ku Ilorin, kuti wachinyamata wofuna kudziwa za Oya akhale ndi mabuku ambiri oti asankhepo.