Maphunziro ndi chikhalidwe zili mu unduna umodzi, nanga phunziro la zojambula lapindulanji?

Tete – Pamene Pulezidenti Daniel Chapo anakhazikitsa boma lake mu Januwale 2025, anaphatikiza maphunziro ndi chikhalidwe mu unduna umodzi, Ministério da Educação e Cultura, ndipo anasankha mayi Samaria Tovela kukhala nduna. Pongomva, nkhaniyi ikuoneka yokomera phunziro limodzi limene nthawi zambiri limatsalira m'mbuyo m'sukulu za pulayimale: Educação Visual e Ofícios, phunziro la zojambula ndi ntchito zamanja. Koma unduna uli ku Maputo, ndipo kalasi ili ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Chifunde, kumene mwana wina amadikira kuti mnzake amalize kulemba kuti abwereke pensulo.

Phunziroli si lachilendo. Mu 2004, dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro a pulayimale yokonzedwa ndi bungwe la INDE. Ndondomekoyo inapereka malo kwa Educação Visual, Educação Musical ndi Ofícios ngati maphunziro oima paokha, inatsegulanso khomo la kuphunzitsa m'zinenero zathu, ndipo inapatula magawo 20 mwa 100 aliwonse a nthawi ya phunziro lililonse kuti akhale a zinthu za m'deralo, zimene zimatchedwa currículo local.

Patapita zaka, zinthu zinatembenuka, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kafukufuku wa INDE wa mu 2016 anapeza kuti ana a kalasi yachitatu amene ankatha kuwerenga monga mmene zimafunikira sankakwana 5 mwa 100 aliwonse. Boma linaona kuti maphunziro achuluka ndipo ana sakugwira ngakhale limodzi. Choncho m'makalasi oyambirira munatsala Chipwitikizi, masamu ndi masewera olimbitsa thupi, pomwe kujambula ndi kuimba anazilowetsa mkati mwa maphunziro enawo. M'makalasi akumtunda, zojambula ndi ntchito zamanja anaziphatikiza kukhala phunziro limodzi. Kenaka lamulo la nambala 18/2018 linachepetsa pulayimale kukhala makalasi asanu ndi limodzi, n'kuika dongosolo lakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa maphunziro onse a kalasi yake.

Palibe kholo limene lingatsutse kuti kuwerenga kukhale patsogolo. Vuto lili pa mawu akuti "kulowetsa mkati". Chinthu chimene chilibe ola lake pa ndandanda chimadalira mtima wa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi, wina atakhala pansi wina pa njerwa, amayamba ndi zimene adzafunsidwe. Mayeso a kumapeto kwa kalasi yachisanu ndi chimodzi ndi a Chipwitikizi, masamu, Ciências Naturais ndi Ciências Sociais. Zojambula mulibe. M'sukulu za m'tauni zimene ana amalowa mosinthana katatu pa tsiku, nthawi ndi yochepa kale. Ikafupika, aliyense amadziwa phunziro limene limayamba kudulidwa.

Komatu pamenepa pali kusamvetsa kwina. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene akujambula nkhuku pa mchenga akuphunzira kugwira chinthu ndi zala zitatu, kukoka mzere wowongoka ndi wokhota, kusiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Zimenezi ndi zomwezo zimene adzafune polemba chilembo cha "a" ndi "o". Ku Angónia ndi madera oyandikana nawo, ana ambiri amafika kusukulu akulankhula Chichewa chokha, ndipo m'kalasi yophunzitsa m'Chipwitikizi amatha miyezi ali duu. Chojambula ndi njira imodzi imene mwana wotereyu amasonyezera kuti nkhani waimva. Kuchotsa kujambula pofuna kuthamangitsa kuwerenga kuli ngati kudula mpini kuti khasu lipepuke.

Pa nkhani ya zipangizo, dandaulo la aphunzitsi ndi lodziwika: palibe mapepala, palibe mapensulo a mitundu, palibe utoto. N'zoona. Ndalama ya ADE, imene boma limatumiza mwachindunji m'sukulu, imayenera kugula choko, makope, zolembera ndi kukonza zowonongeka zing'onozing'ono, ndipo ikafika mochedwa utoto sungakhale poyamba. Koma dandauloli limabisanso kanthu kena. Limatenga zojambula ngati chinthu chogula m'sitolo, pamene mwana yemweyo akaweruka amapita kudambo kukaumba ng'ombe zadothi zokoka ngolo, kapena amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chotembenuka. Amene wapanga galimoto ya waya wayeza, wayerekeza mbali ziwiri, waganiza za mateyala asanayambe. Mayi ake amazira khoma ndi dothi la mitundu yosiyana, agogo ake amaluka lichero la mizere yobwerezabwereza. Makala, katondo, phulusa, masamba, bango, nsungwi, mlaza ndi makoko a chimanga sizifuna ndalama ya ADE.

Apa ndi pamene currículo local inayenera kugwira ntchito, ndipo ndi pamene yafooka kwambiri. Cholinga chinali chakuti sukulu, pamodzi ndi conselho de escola, ipeze anthu aluso a m'mudzi, oumba mbiya, oluka mphasa, osema mipini ndi mitondo, kuti adzaphunzitse. Koma woumba mbiya ali ndi munda wake ndi msika wake. Kumuitana m'nyengo yolima popanda kanthu komuthokoza n'kumupempha kuti ataye tsiku. Kumene dongosolo lotere kulibe, ola la ntchito zamanja limasanduka ola losesa bwalo, kapena ana amauzidwa kuti abweretse tsache kapena mphasa kuti apatsidwe mapointi. Ena amakagula pamsika. Mphunzitsi amalemba nambala m'buku, mwana sanaluke kalikonse.

Pali mbali ina yovuta imene anthu a ku likulu sangaione msanga. Luso lalikulu kwambiri la zosema ndi zopakapaka m'chigawo chino ndi la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, cha Mozambique, Malawi ndi Zambia. Wina angaganize kuti n'zosavuta: ana apange zigoba za gule m'kalasi. Sizingatheke choncho. Za kudambwe ndi za olowa okha, ndipo eni mwambo sangalole kuti zinthu zimenezi zikhale zoseweretsa za ana ndi osameta. Mbali inayo kuli makolo a mipingo ina amene safuna n'komwe kuti mwana wawo amve dzina la gule kusukulu. Mphunzitsi wochokera ku Beira kapena ku Inhambane akaponda molakwika apa, amadana ndi mbali zonse ziwiri. Chimene chingatheke ndi kukambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo kuti agwirizane zimene zingaphunzitsidwe poyera, monga mitundu, ng'oma ndi zimene aliyense amaona pabwalo, ndi zimene sizikhudzidwa. Tsidya lina la malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, zojambula za pamiyala zogwirizana ndi miyambo ya Achewa zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ana ambiri a ku Ulónguè, pafupi pomwepo, amamaliza pulayimale osamvapo kuti makolo awo ankajambula pa matanthwe.

Ena amati zojambula sizidyetsa munthu. Malangatana, amene anabadwira ku Matalana mu 1936, ankatola mipira pa bwalo la tenesi ku Lourenço Marques asanadziwike dziko lonse. Reinata Sadimba anaphunzira kuumba kwawo ku Mueda. Naguib, amene ntchito zake zili pa makoma a mzinda wa Maputo, anabadwira ku Tete konkuno mu 1955. Awa ndi ochepa, ndipo si mwana aliyense adzafika kumeneko. Koma kalipentala, telala, wowotcherera zitseko, womanga nyumba ndi wolemba zikwangwani za m'misika, onsewa amadya chifukwa chodziwa kuona chinthu m'maganizo, kuchijambula ndi kuchiyeza. Kwa mwana amene sadzapitirira ku sekondale, maola ochepa amenewa angakhale okhawo amene sukulu inamugwiritsapo chida m'manja.

Popeza mphunzitsi mmodzi ndiye wanyamula zonse, nkhani yagona pa kumene aphunzitsiwo amaphunzirira: ma Instituto de Formação de Professores a m'chigawo chino, ndi sukulu ya ADPP ya ku Chiúta. Wophunzira uphunzitsi amene sanaumbepo, sanasakanizepo katondo ndi madzi, sadzayerekeza kuchita zimenezi pamaso pa ana. Unduna watsopanowu uli ndi mwayi, chifukwa ofesi yoona za aluso ndi ofesi yoona za aphunzitsi tsopano zikuyankha kwa nduna imodzi. Ngati mayina a oumba ndi oluka a m'boma lililonse atafika kwa akuluakulu a sukulu, ndipo ngati malamulo a ADE atanena momveka kuti kagawo kena kangathokozere munthu wa m'mudzi wodzaphunzitsa, makolo a m'ma conselho de escola adzakhala ndi poyambira pa msonkhano wogawa ndalama ya chaka chamawa.