Mnyamata wa ku Lagos ndi Mafuta Oyeretsa Khungu

Amayi anzanga, sabata ino nkhani yathu ichokera ku Lagos, m'dziko la Nigeria, kumene Lemi Ghariokwu anabadwira m'chaka cha 1955. Bamboyu luso lojambula zithunzi anadziphunzitsa yekha. M'chaka cha 1974, ali mnyamata wa zaka 18, anakumana ndi woimba wotchuka Fela Kuti, ndipo kuyambira pa mbale ya Alagbon Close anamujambulira zikuto za mbale za nyimbo zokwana 26.

Chikuto chimene chandikhalitsa pansi ine ndi cha Yellow Fever, cha m'chaka cha 1976. Nyimboyo imadzudzula akazi odzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo Lemi sanabise kanthu: anajambula mkazi wosavala, thupi lili mawangamawanga, pena poyera pena pakuda. Kunena zoona, kumuvula kumeneko sikunandikondweretse, pakuti mkazi aliyense ndi mayi wa munthu. Komabe mawangawo, ndani mwa ife sanawaonepo ku chigayo kapena ku ukwati? Nkhope ili psuu ngati papaya wakupsa, pamene zala ndi zigongono zili bii ngati kunsi kwa mphika. Ndikadakonda akadaimika patsogolo penipeni abambo aja amene amayamikira khungu loyera, chifukwa ambiri mwa anzathu amadzolera iwowo.

Chala chake sichinaloze akazi okha ayi. Pa chikuto cha Beasts of No Nation, m'chaka cha 1989, anajambula Margaret Thatcher, Ronald Reagan ndi P. W. Botha ali ndi mano a zilombo.