Chidindo sichibaya ng'ombe jakisoni

Tonse tikudziwa mmene atachimenti imathera nthawi zambiri. Wophunzira amakhala pa ofesi miyezi iwiri kapena itatu, bwana n'kusaina fomu, kudinda chidindo, basi wakhoza. Kwa ife a humanities zimenezi zimangotidyera nthawi. Koma kwa amene akuphunzira za ziweto, fomu yosainidwa mwachisawawa ikhoza kupha ng'ombe ya munthu.

Taganizani za ku Edingeni ku Mzimba, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Kumeneko ng'ombe ndiyo lobola, ndiyo imakoka ngolo, ndiyo fizi ya mwana. Thole likalumidwa ndi nkhupakupa za m'makutu n'kudwala East Coast fever, limatentha thupi, limatupa mwanabere pansi pa khutu, ndipo pakatha milungu itatu likhoza kufa. Katemera wake alipo, amapangidwa ku Lilongwe, ku CTTBD. Koma si wamasewera. Amasungidwa mu liquid nitrogen, ndipo muli tizilombo tamoyo, n'chifukwa chake thole limabayidwanso oxytetracycline nthawi yomweyo molingana ndi kulemera kwake. Ukachepetsa mankhwalawo, wadwalitsa wekha thole limene umati uliteteze.

Ndiye mundiuze, luso lotereli mungaliyese ndi mayeso olemba a maola atatu? Munthu akhoza kuloweza dzina lakuti Theileria parva n'kukhoza bwino lomwe, koma osatha kugwira thole lopalapata kapena kupeza mtsempha wa m'khosi.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 2012 bungwe la OIE, limene pano limatchedwa WOAH, linatulutsa mndandanda wa zimene dokotala wa ziweto ayenera kutha kuchita tsiku loyamba pantchito. Ngakhale TEVETA imafuna kuti kalipentala apale thabwa woyesa akuona. Bwanji wogwira moyo wa chiweto ayesedwe mopepuka kuposa wopanga mpando?

Ndikufuna LUANAR, imene ikuphunzitsa madokotala a ziweto ku Bunda ndi alangizi ku NRC, iumirire chinthu chimodzi: luso lililonse lisainidwe palokha, ndi munthu amene waona ndi maso ake wophunzira akulichita m'khola. Kutenga magazi. Kubereketsa ng'ombe. Kudonthezera katemera wa chitopa wa I-2 m'diso la nkhuku. Walephera, abwereze, ngakhale chaka chimuthere. Ndipo khola lake lisakhale la pafamu ya koleji lokha, pamene pali mpanda wabwino ndi firiji. Likhale la kumudzi ngati ku Edingeni, kumene chida chako ndi chingwe ndi anyamata awiri.

Ena adzati ndalama palibe, oyang'anira ndi ochepa. N'zoona, ndi ochepadi. Koma kuchepako ndiye chifukwa chake! Womaliza maphunziro akatumizidwa kumudzi amakakhala yekha, wopanda womufunsa. Ngati sanayesedwe ali pasukulu, adzaphunzirira pa ziweto za alimi, ndipo wolipira maphunzirowo adzakhala mlimi, pamene thole lake lafa.

Palinso chiyankhulo, ndipo apa wa humanities ndiyankhule momasuka. Ku Edingeni anthu amayankhula Chitumbuka. Ngati mlangizi sangafotokozere agogo masiku amene asamwe mkaka ng'ombe ikabayidwa mankhwala, iwo n'kumva n'kubwereza okha, ndiye kuti ntchito sanaithe. Zimenezonso zilembedwe pa fomu, ndipo mwini khola afunsidwe bwana asanadinde.