Kuiwala kwa Okalamba Si Ufiti

Agogo akayamba kuiwala mayina a adzukulu awo, kapena akapezeka m'bandakucha atasochera pakhomo pa eni, anthu amafulumira kunena kuti agwa pandege ya ufiti. Kumeneko n'kulakwa kwakukulu, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kumutchula munthu mfiti. Kawirikawiri amakhala matenda a ubongo, amene nthawi zina gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi, sitiroko kapena mowa.

Banja liwaperekeze kuchipatala cha Mzimba kapena cha Embangweni, pamodzi ndi wachibale wodziwa mmene vutolo linayambira. Kumeneko adzawayeza magazi, ndi kuwafunsa tsiku, malo ndi mawu amene angouzidwa kumene. Zikavuta, akatswiri a St John of God ali ku Mzuzu. Kuiwala kwina sikuchizika, komabe wodwala amakhazikika mtima akamasamalidwa ndi anthu amene anawazolowera.