Werengani dzina la injini musanaikulitse

Msuweni wanga wa ku Blantyre adagula sikuta yakale, njinga yamoto yaing'ono ija yosafuna kusintha magiya, kuti azipitira kuntchito. Pamalo athyathyathya inkayenda bwino, koma ikafika pachitunda inkangolira n'kumakwawa. Anzake adamuuza kuti mankhwala ake ndi kukulitsa injini. Iye adaitanitsa silinda ndi pisitoni zazikulu zoyenera injini ya "50cc", ndipo zitafika makaniko adangozitembenuza n'kupukusa mutu, pakuti zidali za injini yamtundu wina. Ndalama zochuluka zidathera pa zitsulo zimene lero zili pansi pa bedi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ganizo langa ndi lakuti munthu asagule chitsulo chilichonse chowonjezera mphamvu asanawerenge dzina lenileni la injini yake, ndiponso asanaibwezere mphamvu zimene idataya chifukwa cha kutha kwa zipangizo. Dzina lolembedwa pa pulasitiki ya njinga silitiuza zambiri, popeza mafakitale ambiri a ku China ndi ku Taiwan amapanga injini zofanana n'kuziika m'njinga za mayina osiyanasiyana. Dzina lodalirika lidadindidwa pa chitsulo cha injiniyo, kumanzere cham'munsi, pafupi ndi chivindikiro cha lamba. Kawirikawiri limakwiririka ndi matope, choncho pukutani kaye.

Kwa ine amene ndidaphunzira za ziyankhulo, dzinali limaphwanyika monga momwe timaphwanyira mawu, kachigawo kalikonse ndi tanthauzo lake. Tengani 139QMB. Nambala 1 ikutanthauza silinda imodzi, 39 ndi kukula kwa bowo la silinda m'mamilimita, Q akunena kuti injiniyo imaziziritsidwa ndi mphepo ya fani, M ndi njinga yamoto, ndipo B ndi gulu la 50cc. Mwa njira yomweyo 152QMI ndi ya 125cc, pamene 157QMJ ndi ya 150cc. Zitatuzi anthu amaziika m'banja lotchedwa GY6, ndipo zonse ndi za four-stroke. Ya msuweni wanga idalembedwa 1E40QMB. Chilembo E chija chimasonyeza injini ya two-stroke, yomwe imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo ndipo ilibe mavalavu. Chilembo chimodzi chokha chikadapulumutsa ndalama zake.

Mukalidziwa dzinalo, musathamangirebe kusitolo. Sikuta zambiri zofooka n'zimene zangotopa basi. Lamba akatha amachepa m'mimba mwake, ndipo njinga imataya liwiro. Timarola ta mu variator tikaphwatalala, kusintha kwa liwiro kumavuta. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi la m'misewu yathu, injini imabanika. Pa injini za four-stroke, mavalavu akathina njinga imavuta kuliza m'mawa ndipo imafooka. Zonsezi zimakonzeka ndi ndalama zochepa, ndipo ya msuweni wanga idayamba kukwera chitunda chija atangosintha lamba, marola ndi sefa.

Ena anena kuti 50cc ndi 50cc basi, ngakhale muisamale chotani siinganyamule anthu awiri pamtunda. Akunena zoona, ndipo sindikutsutsa kukulitsa injini. Ndikungoti tichite tikudziwa masamu ake. Pisitoni ya 139QMB imayenda mamilimita 41.4. Mukaika silinda ya mamilimita 47 mumapeza pafupifupi 72cc, ngakhale ogulitsa ambiri amalemba 80cc pa katoni. Ya mamilimita 50 imapereka pafupifupi 81cc, koma imagulitsidwa ndi dzina la 100cc. Ine ndingasankhe ya 47, chifukwa pisitoni yaikulu kwambiri imalemetsa crankshaft ndi mabeyaringi amene adapangidwira yaing'ono, ndipo moyo wa injini umafupika.

Silinda yaikulu imakoka mpweya wambiri, motero imafunanso jeti yokulirapo mu kabuleta. Mukasiya yakale, petulo amachepa poyerekeza ndi mpweya, injini imatentha kwambiri ndipo pisitoni ikhoza kugwira. Pulagi ndiyo mboni yake: nsonga yofiirira ikusonyeza kuti zili bwino, yoyera mbee ndiye kuti petulo akuchepa, yakuda ndi mwaye ndiye kuti wachuluka.

Apa ndi pamene ife okhala m'mayiko osiyanasiyana tiyenera kusamala polangizana. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe Tete ndi Nsanje sizifika mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imafuna petulo wocheperako. Jeti imene yamuyenera mbale wa ku Johannesburg ikhoza kuotcha injini ya mnzake wa ku Tete, komwenso n'kotentha kale. Malamulo nawonso sagwirizana. Ku Britain njinga ikapitirira 50cc imachoka m'gulu la moped, ndipo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngati mwiniwake sadanene za kusinthako. Ku South Africa laisensi ya A1 imalekezera pa 125cc.

Tisaiwalenso kuti mabuleki ndi matayala sizikula limodzi ndi silinda. Amene wawonjezera liwiro osaona zimenezi waika moyo wake pachiswe, pamodzi ndi wa mwana amene amamunyamula popita kusukulu.

Choncho pempho langa n'lakuti aliyense wofuna malangizo a zipangizo ayambe wagwada pambali pa njinga yake ndi kansalu, apukute chitsulo, alembe zilembo zonse monga momwe zilili, atchulenso dera limene akukhala. Nafenso oyankha tisatchule silinda kapena jeti tisanaone zilembozo.