Dzina Lokha Siligulitsa Ndege

Pamene kampani ya Bombardier ya ku Canada inalengeza mu Febuluwale 2021 kuti ileka kupanga ndege za Learjet, okonda ndege ambiri analira maliro, nati dyera la eni chuma lapha dzina lolemekezeka. Ine maliro amenewa sindikhala nawo. Learjet inagwa chifukwa inatsalira pa mpikisano, ndipo oilirawo akuphimba mfundo imeneyi ndi misozi.

Ulemu wake tisaukane. Learjet 23, imene Bill Lear anapanga mumzinda wa Wichita ku America, inauluka koyamba mu 1963. Inali kandege ka liwiro loopsa konyamula akuluakulu a malonda, mwakuti kwa anthu ambiri dzina loti Learjet linkaimira ndege iliyonse ya mabwana. Koma liwiro linasiya kukhala chodabwitsa. Wogula anayamba kufunsa mafunso ena. Kodi m'katimo ndi motakasuka? Imamwa mafuta ochuluka bwanji? Ndilemba oyendetsa angati?

Amene anayankha mafunsowa ndi ena. Embraer ya ku Brazil inatulutsa Phenom 300 mu 2009, ndege yololedwa kuulutsidwa ndi munthu mmodzi, pamene Learjet 75 imafuna awiri. Malipiro a woyendetsa wachiwiriyo, chaka ndi chaka, si ndalama zoseweretsa, ngakhale kwa mpondamatiki. Pilatus ya ku Switzerland nayo inabweretsa PC-24, yotha kutera ngakhale pa bwalo la dothi. Nanga munthu wanzeru zake akanakaniranji zonsezi? Chifukwa cha mbiri ya 1963?

Otsutsa adzati Bombardier, imene inagula Learjet mu 1990, inayesetsa. Zoona, inayamba kupanga Learjet 85, ya thupi la zipangizo zatsopano zopepuka m'malo mwa aluminiyamu. Koma inachita izi ikulimbananso ndi ntchito ina yodula kwambiri, ndege yaikulu ya CSeries. Mapanga awiri avumbwitsa: mu 2015 Learjet 85 inasiyidwa, ndalama zoposa madola biliyoni imodzi zitalowa m'madzi, popanda ngakhale ndege imodzi yofika kwa wogula. Apa ndiye pali mlandu weniweni, wa kusaona patali, osati wa dyera.

Learjet yomaliza inaperekedwa kwa mwini wake mu Malichi 2022, zitapangidwa zoposa 3,000. Bombardier inatembenukira ku ndege zikuluzikulu za Challenger ndi Global, kumene kunali ogula.