Lekani kutumiza ma transistor a feki kumudzi

Lero ndili ndi mawu owawa, koma paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Ambiri a ife tili ndi mng'ono kapena mlamu wodziwa kuwotcherera mawaya, amene amadzipangira amplifaya nkumakaimba pa zinkhoswe, pa maukwati ndi kutchalitchi. Imeneyo ndi ntchito, ndi ndalama ya ufa ndi fizi. Ndiye akatumiza uthenga kuti "achimwene, ndigulireni C5200 ndi A1943", ife kuno timathamangira pamene patchipa, kutola paketi ya khumi pa mtengo wa iwiri, kupatsira wa basi, kenako nkumadziguguda pachifuwa kuti tathandiza. Simunathandize abale. Mwatumiza moto, ndipo mwaulipirira nokha thiransipoti kudutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza.

2SC5200 ndi mnzake 2SA1943 ndi ma transistor a Toshiba. Yeniyeni imapirira ma volt 230 ndi ma amp 15, ndipo pepala lake limati ma watt 150 ikamazizira bwino. Mphamvu yonseyo siili m'chipulasitiki chakuda mukuchionacho ayi. Ili m'kachidutswa ka silikoni kamene kali mkati. Akathyali amatenga kachidutswa kakang'ono ka transistor yofooka, nkukaika m'thupi lalikulu, nkudinda dzina la Toshiba pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuipa kwake, ya feki imaimba. Mnyamata akayesa kunyumba ndi voliyumu yotsika, nyimbo zimamveka mwaa, iye nkusangalala. Tsiku la ukwati amalumikiza masipika awiri a 8 ohm pamodzi, akhala 4 ohm. Ngati amplifaya ili ndi ma volt 40 mbali iliyonse, besi ikagunda magetsi odutsa amayandikira ma amp 10. Kachidutswa kaja kamatentha msanga kuposa mmene heatsink ingachotsere kutenthako, kamasungunuka, collector ndi emitter zimagwirana. Zikatero magetsi a DC amapita onse ku sipika ndi kuwotcha koyilo. Nthawi zambiri zimapita limodzi ndi ma driver komanso tima resistor ta 0.22 ohm. Mkwati ali pakati pa bwalo, perekaniperekani wangoyamba kumene, utsi fuu! Mwini ukwati akufuna ndalama zake, ndipo mudzi wonse wadziwa kuti zida za mnyamata uja nzosadalirika. Ndani adzamuitanenso? Mawa lake tonse tinamizira ESCOM.

Amisiri ena amanditsutsa kuti "ife timayeza ndi mita tisanaike". Mumayeza chiyani? Mita mukaiika pa diode imaonetsa 0.5 kapena 0.6 pakati pa base ndi miyendo inayo. Zimenezo zikungokuuzani kuti chinthucho ndi transistor ndipo sichinapse, basi. Ngakhale ka BC547 kam'wayilesi kamakhoza mayeso amenewo. Kabowo ka hFE nakonso kamayeza ndi magetsi ochepetsetsa, pamene funso lenileni ndi loti ichita bwanji pa ma amp 5 itatentha. Zili ngati kuyesa mphamvu ya ng'ombe poikoketsa ngolo yopanda katundu.

Enanso amati masiku ano zonse nza ku China, palibe kusiyana. Ayi. Mafakitale a ku China amapanganso zinthu zenizeni zambiri, ndipo transistor yotchipa yokhala ndi dzina lakelake ndi pepala lake loona ilibe mlandu, mmisiri amadziwa polekezera. Mlandu ndi bodza lolembedwa pamwamba.

Tsono ngati mwagula kale, chitani izi musanaike m'chikwama. Perekani imodzi nsembe. Ipaneni pa vaisi kapena imenyeni ndi hamala cham'mbali mpaka pulasitiki isweke, muone kachidutswako. Kenako swaninso yakupsa yochokera mu amplifaya yakale ya kufakitale, muziike pamodzi. Maso okha akuuzani: ya feki kachidutswa kake kamakhala kochepa kwambiri, nthawi zina kokutidwa ndi zoyera zangati phala. Ndikudziwa zimawawa kuswa chinthu chimene wagula, koma sipika ya 15 inch imawawa kuposa pamenepo. Amene ali ndi mita yoyeza capacitance sasowa kuswa. Yezani pakati pa base ndi emitter, muyerekeze ndi yeniyeni. Kachidutswa kakang'ono kamapereka nambala yaing'ono.

Maginito nawonso amathandiza. Msana wa C5200 yeniyeni ndi wa mkuwa, sugwira maginito. Ukakakamira, mwagula chitsulo. Koma musayese zimenezi pa azitsulo aja monga 2N3055 ndi MJ15003, chifukwa chikopa chawo chimatha kukhala chachitsulo ngakhale ali enieni. Pukutaninso zolembazo ndi mankhwala aja ochotsera utoto wa zikhadabo. Zikafufutika mosavuta, kapena pamwamba pakuoneka popalidwa, bwezani.

Ndipo werengani zolembazo, abale. Motorola inasiya kupanga ma transistor amenewa mu 1999, gawolo linakhala kampani payokha yotchedwa ON Semiconductor. Ndiye munthu akakuonetsani MJ15003 yonyezimira, ya chizindikiro cha M, koma deti yake ikunena 2008 kapena 2015, akukuonani ngati wobwera dzulo. Chimodzimodzi 2SC3281 ndi 2SA1302. Toshiba inaleka kalekale kupanga, m'malo mwake munalowa C5200 ndi A1943, koma mpaka lero zikupezeka zodzaza mabokosi, zatsopano. Zikuchokera kuti?

Ogulitsa ovomerezeka alipo. RS ili konkuno ku South Africa, ndipo Mouser ndi DigiKey amatumiza mukaitanitsa pa intaneti. Inde mtengo ndi wokwera, ndipo mudzadandaula. Sonkhanani awiri atatu muitanitse limodzi. Tumizani zinayi zenizeni m'malo mwa makumi awiri a bodza, ndipo muikemo ma mica ndi phala loyera lija lopaka pa heatsink, chifukwa ngakhale yeniyeni imapsa ikamangidwa pouma.

Iwe mng'ono wanga, katundu akafika usathamangire kulumikiza masipika. Ika babu lakale lija la ma watt 60 kapena 100 pa waya wa magetsi olowa, osati la LED. Likawala kamphindi nkuzilala, zili bwino. Likangowalabe, zimitsa, pali chimene chagwirana. Ukatero yeza potulukira sipika, mita ionetse pafupi ndi ziro pa DC, ndiye ulumikize.

Perekani moni kwa amayi ndi ana onse. Ndatha ine wanu ku Joni.